Wailesi ya m'dera: transmitter ya mawati angati, nanga ndalama zoiyendetsera zichokera kuti?

Mlembi wa komiti: Akuluakulu, moni nonse pa gulu pano. Pali komiti imene ikukonza zoyambitsa wailesi ya m'dera ku boma lina la mapiri, ndipo bajeti ikufunika mwezi uno usanathe. Wogulitsa zipangizo akuti tigule transmitter (makina oponya mafunde a wailesi) ya mawati 1,000 kuti timveke boma lonse. Mlongoti umene tingakwanitse ndi wa mamita 30, ndipo malo amene mfumu yapereka ali pafupi ndi msika, m'chigwa. Kodi mawati 1,000 ndi oyeneradi? Nanga n'chiyani chimene anthu amaiwala polemba bajeti yoyamba?

Mmisiri wa milongoti: Bambo mlembi, musathamangire mawati. Pa FM chimene chimakupatsani mtunda ndi kutalika kwa pomwe antena yaima, mawati amabwera pambuyo. Mafunde a pakati pa 87.5 ndi 108 MHz sakwera phiri n'kutsetserekera kuseri. Amafika pomwe mlongoti ukuona, n'kupitirirako pang'ono chabe. Masamu ake ndi awa: tengani square root ya kutalika kwa antena m'mamita, muchulukitse ndi 4. Mamita 30 akupatsani makilomita pafupifupi 22, pa malo a thyathyathya. Antena yomweyo mukaikweza pa phiri lotalika mamita 400 kuposa midzi yozungulira, mwafika makilomita 80. N'chifukwa chake mawailesi akuluakulu anadzazana pa mapiri ngati Mpingwe, Zomba ndi Dedza.

Tsono mukaima m'chigwa, mawati 1,000 angomveka mwamphamvu pa msika pomwepo, anthu a kuseri kwa phiri azingomva phokoso. Kuchoka pa 500 kufika pa 1,000 mwaonjezera 3 dB basi (dB ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa mphamvu ya mafunde), koma bilu ya magetsi a transmitter mwaichulukitsa kawiri mwezi ndi mwezi.

Ndalama imeneyo iikeni pa antena ndi chingwe. Transmitter ya mawati 300, chingwe chabwino cha theka la inchi chotalika mamita 40, ndi ma dipole (mtundu wa antena) anayi osanjikizana. Chingwe chotere chimadya pafupifupi 2.2 dB pa mamita 100, ndiye pa mamita 40 mwataya mphamvu yosafika 1 dB, pamwamba pafika mawati 240 kapena kuposera pang'ono. Ma dipole anayi amapanikiza mafunde kuti apite cham'mbali m'malo mopita kumwamba kumene kulibe womvera, ndipo mphamvu imakhala ngati yachulukitsidwa pafupifupi kanayi. Mwayandikira mawati 1,000 omwe aja, koma mukulipira magetsi a 300. Mukaumira n'kugula chingwe wamba cha RG-213, pa mamita 40 omwewo pafupifupi theka la mphamvu lithera kutenthetsa chingwe.

Wa malamulo a zofalitsa: Ndisanaiwale, musagule transmitter kapena antena chiphaso chisanatuluke. MACRA, bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga, ndi imene imakupatsani frequency, kukuuzani mphamvu yololedwa ndi dera limene muyenera kumveka. Antena zambiri zotsika mtengo zimabwera zitatchunidwa pa frequency imodzi. Mukagula ya 95 kenako n'kupatsidwa 104, ndiye kuyambanso kudula ndi kutchuna, mwinanso kugula ina. Lembani mitengo mu bajeti, koma ndalama ituluke pepala lili m'manja. Komanso komiti ilembetsedwe mwalamulo, ikhale ndi malamulo ake olembedwa osonyeza momwe bodi imasankhidwira, chifukwa chiphaso cha wailesi ya m'dera sichiperekedwa kwa munthu ngati golosale yake.

Mlembi wa komiti: Zamveka. Koma situdiyo singakhale pa phiri, alendo ndi atolankhani azikwera bwanji tsiku lililonse?

Mmisiri wa milongoti: Situdiyo ikhale pa msika pomwepo, transmitter yokha ndiyo ikwere phiri. Pakati pake pamakhala link, yotumiza mawu kuchokera ku situdiyo kupita ku transmitter. Njira yotsika mtengo masiku ano ndi timbale tiwiri ta 5 GHz toyang'anizana, mawu n'kumadutsa ngati intaneti, kapena link yeniyeni ya mawailesi imene imafunanso frequency yake. Chachikulu n'chakuti timbale tiziwonana popanda mtengo kapena denga pakati. Yesani nthawi imene mitengo ili ndi masamba, chifukwa link imene imagwira bwino mu Okutobala ikhoza kuyamba kudukaduka mu Januwale mitengo itaphuka. Ngati pa phiripo pali kale mlongoti wa kampani ya mafoni, funsani mtengo wa lendi musanaganize zomanga wanu. Pamenepo mlonda, mpanda ndi earth (ndodo zotayira mphenzi m'nthaka) zimakhala zilipo kale.

Mayi wa sola: Ndilowepo pa magetsi, chifukwa mawailesi ang'onoang'ono ambiri amathima chifukwa cha apa, osati chifukwa cha ndale. Kumbukirani 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira, magetsi ankapita maola ochuluka pa tsiku. Wailesi imene inkadalira jenereta inkadya ndalama ya malipiro a antchito m'mafuta.

Werengani chonchi. Transmitter ya mawati 300 imakoka pafupifupi 450 pa soketi, chifukwa ina imasanduka kutentha. Situdiyo yokhala ndi mixer, makompyuta awiri, link, mababu ndi fani ikhoza kukoka 500 kapena 600. Tinene kuti zonse ndi kilowati imodzi. Mukamaulutsa kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka 9 koloko usiku, ndi maola 16, ndiye mayunitsi 16 pa tsiku. Kuno dzuwa logwira ntchito mokwanira tiwerengere maola asanu, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi limatayika m'mawaya, mu inverter ndi pa fumbi. 16 kugawa ndi 3.75 ikupatsani makilowati anayi ndi pang'ono, kutanthauza mapanelo asanu ndi atatu a mawati 550. Ngati transmitter ili pa phiri, gawani masamuwa pawiri, malo aliwonse akhale ndi zake.

Mabatire ndi a maola amene kulibe dzuwa: awiri m'mawa, anayi kapena asanu madzulo. Mayunitsi asanu ndi awiri amenewo. Batire ya lithium ya 48V 100Ah imasunga pafupifupi mayunitsi asanu, ndiye mukufuna awiri. Mukasankha a lead-acid musawatsitse kupitirira theka, apo ayi chaka sichitha asanafooke, ndipo a galimoto asalowe n'komwe m'nkhaniyi. Inverter ikhale ya pure sine. Zotchipa zija zimalowetsa kulira kwa "zzzz" m'mawu ndipo zimatenthetsa power supply ya transmitter. Mu Juni ndi Julaye, nthawi ya chiperoni, mapanelo amapereka zochepa, ndiye ESCOM kapena jenereta ikhalepobe ngati yothandizira.

Mmisiri wa milongoti: Amayi anena zoona. Ndionjezere ziwiri zimene zimapha transmitter: mphenzi ndi madzi.

Mphenzi: pamwamba pa mlongoti pakhale ndodo yoposa antena kutalika, yolumikizidwa ndi lamba wa kopa mpaka pansi mosapindapinda. Ndodo za earth zikhale zingapo, zotalikirana, zolumikizana, ndipo muyeze ndi mita kuti zili pansi pa 10 ohms. Muyeze m'chilimwe nthaka itauma, chifukwa m'dzinja chilichonse chimaoneka bwino. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'kukhala ndi earth ya mlongoti payokha, ya nyumba payokha. Mphenzi ikagunda, magetsi amadutsa mu transmitter yanu pofuna njira yochokera ku earth ina kupita ku inzake. Zilumikizeni zikhale chinthu chimodzi. Ikani surge arrestor (kachipangizo kotchinga magetsi a mphenzi) pa chingwe cha antena pomwe chikulowa m'nyumba, ina pa magetsi. Ndipo muziyendera kopa ameneyu mwezi uliwonse, amabedwa.

Madzi: amalowera pa connector ya pamwamba ngati sinakulungidwe bwino. Tepi wamba wa magetsi sakwanira, pamafunika wa labala womamatirana yekha uja, kenako wamba pamwamba pake. Chizindikiro chake mudzachiona pa SWR, nambala yosonyeza mphamvu imene ikubwerera ku transmitter kuchokera ku antena. Ikakhala 1.5 ndiye mphamvu yobwerera ndi 4 pa 100 iliyonse, palibe vuto. Pa 2 yafika 11, pa 3 yafika 25, ndipo transmitter yabwino imadzitsitsa yokha mphamvu kapena kuzima. Yotchipa imangopsa. Ndiye pakhale kope pafupi ndi transmitter, munthu azilemba forward power (mphamvu yotuluka), reflected power (yobwerera) ndi kutentha m'mawa uliwonse. Nambala ikayamba kukwera mvula itagwa, kwerani mukaone connector isanawononge zambiri. Musayatse transmitter antena kapena dummy load (chipangizo cholandira mphamvu m'malo mwa antena) isanalumikizidwe, ngakhale kwa sekondi imodzi, ndipo munthu asakwere mlongoti ili yoyaka.

China, pewani ma transmitter opanda dzina a pa intaneti amene alibe filter yabwino. Pamwamba pa 108 MHz pamayambira mafunde a ndege. Mukayamba kutayikira kumeneko, akutsekerani tsiku lomwelo, ndipo akhala akulondola.

Mkonzi wa mapulogalamu: Pa situdiyo musawononge ndalama. Maikolofoni a dynamic ngati Shure SM58 amakhululuka chipinda chosakonzedwa bwino kuposa a condenser, amene amatola mpaka tambala wa kwa aneba. Matileyi a mazira saletsa phokoso lakunja, chimene chimaletsa ndi khoma lochindikala, chitseko cholemera chotseka bwino ndi siling'i pansi pa malata. Mkati ikani makatani olemera kapena matiresi okutidwa ndi nsalu kuti mawu asamabwerere. Ndipo ganizirani zoulutsa mono. Omvera ambiri akumudzi ali ndi kawailesi ka sipika imodzi kapena foni ya mabatani, stereo sawapindulira, koma kumalire kwa dera lanu stereo imabweretsa kusokosera pomwe mono ikanamveka bwino.

Mayi wa maakaunti: Zonsezi n'zabwino, koma funso lachiwiri la bambo mlembi silinayankhidwe, ndipo ndi limene lidzawavute. Othandiza amagula zipangizo, amajambulitsa tsiku lotsegulira, n'kumapita. Mwezi wachisanu ndi chiwiri ndani alipira? Bajeti yoyamba ikhale ndi ndalama yoyendetsera wailesi chaka chathunthu: ndalama ya chiphaso ndi ya frequency ku MACRA chaka ndi chaka, ya COSOMA chifukwa mukuimba nyimbo za eni, lendi ya pa mlongoti, mlonda, mayunitsi a foni ndi intaneti, thiransipoti ya atolankhani, ndi kangachepe ka ongodzipereka. Muikenso padera ndalama yokwana gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa zipangizo, ya zokonzera.

Musaiwale 2022, pomwe MACRA inalanda ziphaso za mawailesi ndi makanema angapo chifukwa cha ngongole ya ndalama za chiphaso. Dandaulo la eni ake linali lakuti ndalamazo zinkawerengedwa m'madola pomwe iwo amapeza makwacha. Kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse chimene mumagula ndi ndalama yakunja, kuyambira batire mpaka transistor ya mu transmitter, chimakwera choncho usiku umodzi. Ndalama ya chiphaso muziisunga pang'onopang'ono mwezi uliwonse mu akaunti yake, osadikira kalata.

Mlembi wa komiti: Pali bambo wina wochita bwino wa m'deramo, amene akumveka kuti adzaima nawo pa chisankho, wati atha kumalipira magetsi ndi lendi kwa zaka ziwiri. Ena m'komiti akuti tilandire, sakupempha kanthu.

Mkonzi wa nkhani: Bambo, wosapempha kanthu lero adzapempha tsiku limene ngongole ya lendi ili pa tebulo ndipo mtolankhani wanu wabwera ndi nkhani ya mjigo umene unalipiridwa koma sunakumbidwe. Sadzachita kulamula. Adzangoimba foni kwa manejala kufunsa ngati nkhaniyo ndi yofunikadi, ndipo manejala adzadziwa yekha chochita. Ndime 36 ya malamulo aakulu a dziko imateteza ufulu wa atolankhani, koma singakutetezeni kwa munthu amene akugwira switchi ya magetsi anu.

Ngati akufuna kuthandiza, agule nthawi pa mtengo umene aliyense akugulira, alandire lisiti, ndipo pulogalamuyo izilengezedwa poyamba ndi pomaliza kuti ndi yolipiridwa ndi uje. Wopikisana naye akabwera, mtengo ndi womwewo, nthawi yofanana. Izi zimatheka pokhapokha muli ndi rate card yolembedwa, yomatidwa pa khoma: sekondi 30 ndi zakuti, mphindi 15 ndi zakuti, nthawi ya m'mawa ndi yamadzulo yokwererapo. Popanda pepalalo mtengo umakhala wokambirana kuseri, ndipo kuseriko n'kumene nkhani zimagulitsidwira.

Wa malonda: Akulu, ine ndikuona ngati mukuuma mtima kwambiri. Boma la kumudzi mulibe makampani otsatsa malonda. Mukakana uyu, mukakana uyo, mudya mfundo? Wailesi yothima sithandiza munthu.

Mayi wa maakaunti: Achimwene, sitikuti akane ndalama. Tikuti pasakhale munthu mmodzi kapena bungwe limodzi lobweretsa zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za pa mwezi, kuti akachoka wailesi itsimphine koma isagwe. Ndalama zing'onozing'ono zilipo ndipo sizilamula: mauthenga a maliro, zikwati ndi zinkhoswe, ng'ombe yosowa, moni, misonkhano ya mipingo, ogulitsa mbewu ndi feteleza nthawi ya dzinja, masukulu oyima paokha pomwe teremu ikuyamba. Zimafuna kaundula. Uthenga uliwonse ukhale ndi nambala ya lisiti, wowulutsa asawerenge uthenga wopanda nambala, ndipo madzulo wa ndalama afananitse kope la mu situdiyo ndi malisiti. Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimathawira, munthu kulandira ya m'thumba pakhomo n'kukawerenga uthenga. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale ya wailesi, isakhale ya munthu.

Mabungwe nawo musawadalire ngati khoma. SW Radio Africa, imene inkaulutsira anthu a ku Zimbabwe kuchokera ku London kuyambira 2001, inapirira boma likusokoneza mafunde ake, koma inatseka mu 2014 thandizo la ndalama litauma. Bungwe likabwera ndi pulogalamu ya miyezi isanu ndi umodzi, muwerengere mu mtengo wake magetsi, kutha kwa zipangizo ndi nthawi ya mkonzi, osati mphindi za pa mphepo zokha.

Wa malonda: Pamenepo ndagwirizana nazo, makamaka za malisiti. Koma za chipondamthengo mukuti bwanji? Mtolankhani wongodzipereka akapatsidwa envelopu pa msonkhano, mumuletsa ndi chiyani pomwe inu simumulipira?

Mkonzi wa nkhani: Kumuletsa ndi pakamwa sikuthandiza. Wailesi izimupatsa thiransipoti ndi mayunitsi asananyamuke, ngakhale zochepa, ndipo akabwerera alembe m'kope chilichonse chimene walandira kumeneko. Wosankha ngati nkhani ilowe asakhale amene anapita ku msonkhanowo. Mkonzi afunse mafunso awiri: kodi mbali inayo yalankhula? Kodi pali munthu wamba wa kumeneko amene watsimikiza? Nkhani yoneneza munthu isapite pa mphepo mwiniyo asanaimbiridwe, ndipo ngati sanayankhe munene nthawi imene munamuimbira. Pa nkhani za ndalama za khonsolo gwiritsani ntchito lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Lembani pempho, sungani kope lodindidwa tsiku, akakana kapena kungokhala chete mukadandaule ku Malawi Human Rights Commission. Pepala lotere limakutetezani kuposa mphekesera za "akuti akuti".

Mkonzi wa mapulogalamu: Ngozi ina yaikulu ili pa mapulogalamu oimba foni, amenenso ndi omwe anthu amawakonda. Woimba akatukwana kapena kunamizira munthu kuti ndi mfiti kapena wakuba, woyankha mlandu ndi wailesi. Mu 2019, chisankho chitangotha, MACRA inaimitsa mapulogalamu amenewa ndipo nkhani inakathera ku khoti. Musapereke chifukwa chophweka kwa wofuna kukutsekani.

Pakhale munthu wachiwiri wolandira foni kunja kwa mphepo, afunse dzina, mudzi ndi mfundo, kenako apereke kwa wowulutsa. Pakhale delay ya masekondi asanu ndi awiri kapena khumi, kuti mawu oipa adulidwe asanatuluke. Kompyuta ikhoza kuchita zimenezi ngati simungagule kachipangizo kake. Pa mixer, mawu obwerera kwa woimba achoke pa aux (potulukira mawu papadera) imene channel ya foniyo yatsekedwa, apo ayi azidzimva yekha ndipo padzakhala kulira. Muuzeni atsitse wailesi yake. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp ndi abwino kwambiri pa nkhani zotentha chifukwa mumayamba mwawamvera, komanso amayi ambiri amene sapeza mpata woimba nthawi ya pulogalamu amatha kutumiza masana.

Ndipo jambulani zonse zimene zatuluka pa mphepo, kuchokera pa wailesi yolandira, osati pa mixer, kuti mukhale ndi chimene womvera anamva. MP3 ya 64 kbps imadya pafupifupi 29 MB pa ola. Maola 16 ndi 460 MB, miyezi itatu ndi 42 GB, kanthu kochepa pa hard drive iliyonse. Fayilo iliyonse ikhale ya ola limodzi, dzina lake likhale tsiku ndi nthawi. Munthu akadzabwera ndi loya kuti munamunyoza Lachiwiri lapitalo, kapena wotsatsa malonda akadzati uthenga wake sunaulutsidwe, mumangotsegula fayilo.

Mtolankhani wa ku Chipata: Anzathu a ku Malawi, kuno kwathu ku Zambia chiphaso chimachokera ku IBA, frequency ku ZICTA, koma mavuto ndi amodzimodzi. Mu Ogasiti 2016, chisankho chitangotha, IBA inaimitsa Muvi TV, Komboni Radio ndi Itezhi-Tezhi Radio, ndipo mu 2020 Prime TV inalandidwa chiphaso. Phunziro limene mawailesi ambiri anatolapo n'lakuti mapepala azikhala m'malo nthawi zonse, chiphaso chisathe, misonkho ilipiridwe, chifukwa wofuna kukutseka pa nkhani ya ndale amayamba wafufuza pepala limene latha. Komanso ngati boma lanulo lili m'malire, dziwani kuti mukakwera phiri mudzamveka kutsidya, monga momwe mawailesi a ku Chipata amamvekera ku Mchinji. Frequency ya m'malire imafuna kuti maiko awiriwo agwirizane, ndiye chiphaso chikhoza kuchedwerapo kapena angakuuzeni kuti antena iloze mkati mwa dziko.

Wa malamulo a zofalitsa: Pa za bodi ndibwerezeko pang'ono, chifukwa wailesi ya m'dera ya Dzimwe ku Mangochi inayamba kale mu 1998 ndipo kuyambira nthawiyo mikangano ya umwini yavutitsa mawailesi a m'madera ambiri. Lembani m'malamulo anu kuti amene ali ndi udindo m'chipani kapena akuima pa chisankho sangakhale mu bodi, ndipo wowulutsa amene akufuna kuima atule pansi maikolofoni kaye. Bodi ilembe ntchito manejala ndi kuona mabuku a ndalama, koma isalowe mu chipinda cha nkhani. Mafumu alemekezedwe, akhale ndi mpando wa ulangizi, koma nkhani ya malo kapena ya makuponi ikawakhudza iulutsidwe ngati ina iliyonse. Msonkhano waukulu wa pa chaka uzichitika poyera, magulu omvera wailesi a m'midzi atumize nthumwi zovota, ndipo lipoti la ndalama liwerengedwe pa mphepo. Mukalembetsenso ku MISA Malawi ndi ku Media Council of Malawi, kuti dandaulo la womvera likhale ndi kopita lisanafike ku khoti, ndiponso mtolankhani wanu akatengedwa ndi apolisi pakhale woimbira foni usiku womwewo.

Mlembi wa komiti: Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndiye bajeti tiikonza chonchi: mawati 300, ma dipole anayi, link yopita pa phiri, sola mbali zonse ziwiri, ndi ndalama ya chaka chimodzi yoyendetsera. Za bambo aja ndikazitula ku komiti Loweruka. Funso lomaliza, ndalama ikatsalako tigule chiyani, kompyuta ina kapena zoulutsira pa intaneti?

Mmisiri wa milongoti: Gulani ka transmitter kachiwiri ka mawati 30 kapena 50, kotchunidwa pa frequency yanu, kakhale pa shelefu ndi chingwe chake chokonzeka. Yaikulu ikapsa, zida zake zimachokera kunja ndipo zimatha milungu kudikira ndalama yakunja ndi kasitomu. Ka mawati 50 pa phiri kamvekabe m'midzi yambiri, ndipo otsatsa malonda sathawa. Muonjezere mafani awiri osinthira, mafyuzi, ma connector anayi ndi blower yopemerera fumbi mwezi uliwonse. Za intaneti zidikire, mapulogalamu a pa kompyuta oulutsira pa intaneti a BUTT ndi Icecast ndi aulere, mudzayamba ndi kompyuta yomwe muli nayoyo, pa 32 kbps kuti womvera wa ku Johannesburg asamadye bandulo yoposa 15 MB pa ola.

Mayi wa sola: Ndipo bambo mlembi, potumiza bajetiyo mulembe kuti mabatire a pa phiri akhale m'khola la zitsulo lowotcherera, lokhala ndi maloko awiri. Mtengo wa wowotcherera ndi simenti muuikiretu.